Nsalu ya chinkhoswe cha pa 20 Disembala

Lolemba, 3 Novembala

Malume: Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo tinakhala pansi ndi ankhoswe akuchimuna ndipo tsiku lamangidwa. Chinkhoswe cha mwana wathu chichitika Loweruka pa 20 Disembala kuno ku Ndirande. Za chakudya ndi matenti tikambirana padera. Lero timalize za zovala, paja atelala ukangolowa Disembala salandiranso ntchito.

Azakhali aku Zomba: Tadzuka alamu, zikomo potidziwitsa. Ine pempho langa ndi limodzi. Nsalu ya mbumba yonse igulidwe tsiku limodzi, musitolo imodzi, pa mpukutu umodzi. Pa ukwati wa mwana wanga uja tinagula kawiri, ina kumayambiriro kwa mwezi, ina titalandira malipiro. Maluwa anali omwewo koma buluu wake anasiyana, wina wowala wina wozimirira. Pazithunzi timaoneka ngati mabanja awiri. Mpaka lero ndikaziona mtima umandipweteka.

Make Tadala: Zoona azakhali, ndikukumbukira. Ine mawa ndili ndi mpata, ndikazungulira masitolo a amwenye ku Limbe ndikujambulireni. Koma ndiuzeni kaye, tikufuna ya thonje kapena zopepuka zotchipa zija?

Mlamu: Achemwali, matumba mwa anthu muli zii. Chitsikireni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, chilichonse chobwera kuchokera kunja chimakwera mwezi ndi mwezi. Bwanji tingotenga zotchipazo? Ndi za tsiku limodzi basi.

Azakhali aku Zomba: Ayi mwanangu, chitenje cha chinkhoswe sichikhala cha tsiku limodzi. Ukachivula uko umapita nacho kutchalitchi, kumaliro, kusikelo, mapeto ake umaberekera mwana. Zoterera zija zimatentha m'thupi ngati pepala la pulasitiki, ndiye Disembala wa ku Blantyre mukumudziwa, dzuwa m'mawa mvula masana. Pomanga m'chiuno zimangomasuka. Munthu ukuvina uku ukugwirizira chitenje, ayi.

Mayi aang'ono ku Area 25: Kuno ku Lilongwe amayi opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amabweretsa zitenje zokongola kwambiri, zimapezeka cha ku Malangalanga. Ndikhoza kukafunsa mtengo wa pikulitsa.

Malume: Chemwali, maganizo ndi abwino koma taganizani. Ikaperewera kapena ikapezeka ndi chilema, tidzabweza bwanji kuchokera kuno? Ku Limbe ndi minibasi imodzi kapena ziwiri basi. Atelala athunso ali konkuno.

Mayi aang'ono ku Area 25: Ndamva achimwene, zili bwino. Yanga mudzanditumizire pa basi.

Lachiwiri, 4 Novembala

Make Tadala: Ndabwerako. Ndalowa masitolo asanu ndi awiri, miyendo yachita kutupa. Ndatumiza zithunzi zitatu. Yoyamba ndi yobiriwira ya masamba achikasu, ya ku Mapeto, thonje lenileni. Yachiwiri ndi yofiirira ya mizere yagolide, yochokera kunja. Yachitatu ndi yabuluu, yotsika mtengo kuposa zonse.

Make Tadala: Ndisanayambe n'komwe kufunsa mtengo ndinapempha tizidutswa. Ndafika kunyumba ndaviika m'madzi a sopo n'kutikita pa kansalu koyera. Yabuluu ija yasiya utoto wonse pa kansaluko, ikangochapidwa kawiri idzakhala itasuluka. Ndayatsanso ulusi wake ndi machesi, wasungunuka n'kuuma kukhala kanthu kolimba kakuda. Ulusi wa yobiriwira wapsa n'kusanduka phulusa lofewa, kununkha ngati pepala. Ndiye pamenepo mudziwe nokha.

Mng'ono wanga (mwini chinkhoswe): Achemwali mwachita bwino zedi. Ine mtima wanga uli pa yobiriwirayo. Ndaimbira mlamu wanga wakuchimuna, akuti iwo atenga yamaroni, ndiye yofiirira ija ingafanane nayo kwambiri anthu osasiyanitsa mbali.

Azakhali aku Zomba: Mwini wake wanena. Nsalu za fakitale ya Mapeto ya ku Makata ija tinakulira zomwezo, nthawi imeneyo tinkangoti za David Whitehead. Amayi anga anali ndi chitenje chawo chimodzi chomwe anaberekera ana anayi osang'ambika.

Mlamu: Ndavomera. Koma tiwerengere bwino kuti wina asadzapereke zambiri kuposa mnzake.

Make Tadala: Nawu mndandanda. Azimayi tilipo 18, aliyense mamita 4, okwanira chilundu ndi duku, ndiye 72. Azibambo 9, shati ya mamita 2, ndiye 18. Ana 10, mita ndi theka aliyense, 15. Zonse pamodzi 105. Ndikupempha tionjezere 5 kuti telala akalakwitsa podula tisasowe pogwira.

Make Tadala: China chomwe ndaphunzira lero. Masitolo ena amagulitsa pa mayadi, ena pa mamita, ndipo si zofanana. Yadi ndi masentimita 91 okha. Pisi ija timati ya mayadi 6 siikwana mamita 6, imathera pa 5 ndi theka. Ndiye mamita 110 ndi mapisi 20. M'sitolo ina mnyamata woyeza amachita kuikoka nsalu mwamphamvu poyeza pa thebulo, ndamuuza kuti aisiye igone yokha, anakwiya. Ndatuluka osagula kanthu. Tsiku logula nditenga tepi yanga.

Malume: Mwana wa mlongo wanga, wagwira ntchito. Mtengo akuti bwanji?

Make Tadala: Ndaika pa chithunzi chachinayi malume, pa kapepala kolemba pamanja. Bwana wake wati tikatenga mapisi 20 nthawi imodzi atichotserako, ndipo atisungira mpaka Loweruka pa 15. Likadutsa tsikulo sakulonjeza, akuti katundu wobwera akubwera ndi mtengo wina.

Lachitatu, 5 Novembala

Mlamu: Pali nkhani ina yomwe ikundivuta kunena. Pa mndandanda paja pali agogo, komanso amayi a ana atatu a malemu achimwene ku Chiradzulu. Tonse tikudziwa kuti chimanga chaka chino sanakolole. Tikanena kuti aliyense apereke yake, iwowa angokhala chete, tsikulo n'kusabwera chifukwa cha manyazi.

Azakhali aku Zomba: Wanena mawu mwanangu. Mayi amene uja anatisamalira m'bale wathu kuchipatala miyezi itatu osadandaula. Sangadzakhale kumbuyo kwa tenti atavala zosiyana ndi ife.

Achimwene ku Joni: Pepani ndimawerenga mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Nsalu ya agogo, ya alamu aku Chiradzulu ndi ya ana atatuwo ili pa ine, pamodzi ndi ndalama ya telala. Nditumiza pa Mukuru Lachisanu ndikalandira. Musawauze kuti walipira ndani, mungoti banja lagula.

Malume: Mulungu akudalitse mphwanga. Enafe titumize kwa Make Tadala pa Airtel Money kapena Mpamba pasanafike pa 13, ndipo muziika ndi yotapira yomwe kuti asaonjezere za m'thumba mwake.

Achimwene ku Joni: Komanso kuno pa 28 Novembala ndi Black Friday, masitolo amatsitsa mitengo. Nsapato ndi kachikwama ka mlongo wangayu ndikufuna ndigule ine. Lesi yokongoletsera diresi yake ndikayang'ana ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene kuja kuli masitolo ambiri a nsalu.

Mng'ono wanga: Achimwene zikomo, misozi ikulengeza. Ndimavala 6.

Achimwene ku Joni: Nambala yokha sindikhulupirira, nsapato zina 6 wake amakhala wothina. Ponda pa pepala, wina akujambulire phazi ndi bolopeni, uyeze masentimita kuchokera ku chidendene mpaka chala chachikulu. Uyeze madzulo phazi litatupako. Zikafika kumeneko sizingabwererenso kuno kukasintha.

Mayi aang'ono ku Area 25: Zidzafika nthawi yake koma? Disembala pa Beitbridge pamakhala mzere wosaneneka.

Achimwene ku Joni: N'chifukwa chake ndikufuna zinyamuke sabata yoyamba ya Disembala. Pali mnzanga wa kutchalitchi akubwera pa basi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Ndimupatsira m'manja ndi malisiti ake, kuti akamufunsa pachipata asavutike.

Mlamu: Nanga anyamata aja mathalauza ndi nsapato? Shati yatsopano pa thalauza long'ambika sizikhala bwino.

Make Tadala: Zimenezo kaunjika alamu. Mumsika wa Limbe ndili ndi mayi wanga amene amandiimbira akamatsegula belo ya ana. Pamafunika kufika m'mamawa, waya akangodula anthu amagwera pomwepo, zabwino zimatha mphindi zochepa. Ukafika masana umapeza zotsalira zokhazokha, zipi wakufa, mawondo otha. Ndikaperewera ndikaona ku DAPP, nsapato zokha mwina ku Bata kapena PEP. Nditumizireni zaka ndi msinkhu wa mwana aliyense, m'chiuno muyeze ndi chingwe.

Loweruka, 15 Novembala

Make Tadala: Ndili musitolo muno ndi alamu. Ndalama zonse zinakwana usiku, omaliza anali mayi aang'ono. Mapisi 20 atsitsa, tafunyulula imodzi imodzi pa kauntala. Iwiri inali ndi mzere woyera pomwe utoto sunagwire, atisinthira. Ina tapita nayo pakhomo kuti tiione padzuwa, mtundu ndi umodzi yonse.

Azakhali aku Zomba: Lululululu! Lisiti musaiwale.

Make Tadala: Lili m'chikwama azakhali. Ya ku Lilongwe ndi ya ku Zomba ndikweza Lolemba. Nonse musanapereke kwa telala muiviike kaye m'madzi ozizira n'kuyanika pamthunzi, thonje limabwerera likachapidwa koyamba, mungadzasoketse bulauzi n'kukuthinani.

Malume: Telala wa pa Chinseu uja wati azibambo tonse tikayezetse Lachiwiri madzulo. Agogo ndikawatenga ndekha mawa ku Chiradzulu pamodzi ndi ana aja, adzayezetse limodzi nafe.

Mng'ono wanga: Malume, agogo akabwera muwauze kuti duku langa adzandimange ndi iwo.

Malume: Ndiwauza. Make Tadala, pisi imodzi usaidule, ikhale yophimbira atsikana pa mwambo.