Zotsatira za mapapo a achimwene anga zatuluka

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati alipo amene anaonapo chithunzi cha X-ray cha m'chifuwa choyera mbuu ngati mwathiridwa mchenga, pomwe mwiniwake akungomva phuma pang'ono akamakwera masitepe. Ambiri munati ndi TB, ena munaganizira za fumbi la m'migodi ya kuno ku Johannesburg, ngakhale achimwene sanagwirepo ntchito mumgodi. Kuchipatala china anawayambitsa kale mankhwala a TB chikhalirecho makhololo awo sanasonyeze kachilombo, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Tsopano dokotala wa mapapo watsimikiza kuti ndi matenda osowa kwambiri otchedwa pulmonary alveolar microlithiasis, amene timiyala ting'onoting'ono ta michere ya m'thupi yotchedwa calcium ndi phosphate timaunjikana m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo. Anawajambula ndi makina a CT, amene amaonetsa bwino mkati mwa thupi, kenaka analowetsa kachubu m'mapapo n'kutsukamo ndi madzi, ndipo m'madzimo anapezamo timiyalato. Kuyeza magazi kunasonyeza vuto pa jini (kachidutswa ka chibadwa chimene munthu amatengera kwa makolo) yotchedwa SLC34A2, imene ntchito yake ndi kuchotsa phosphate m'timatumbamo. Munthu amadwala pokhapokha akatengera jini yolakwikayi kwa bambo ndi mayi omwe, choncho ife abale ake a bere limodzi, kuphatikizapo achemwali athu amene ali ku Mangochi, tauzidwa kuti tikajambulitse m'chifuwa.

Mankhwala ochotsa timiyalati palibe, ndipo matendawa akakula kwambiri chotsala ndi kumuika munthu mapapo ena. Pakadali pano achimwene asiya mankhwala a TB, ndipo azipita kukayezetsa mphamvu ya kapumidwe kawo nthawi ndi nthawi.