Chipinda cha mamita 3, ndalama K150,000: ndimumangire mabokosi kapena ndimupezere masipika a kaunjika?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni maganizo. Kwabwera aphunzitsi ena pashopu, ali ndi wailesi ya Sony yakalekale ya CD ndi kaseti, ndi masipika ake awiri amene inabwera nawo. Akuti nyimbo zikumveka ngati zikuchokera mu mgolo, besi yokhayokha kugunda, mawu a oimba osamveka, chonsecho iwo amakonda nyimbo za kwaya. Ali ndi K150,000, sakufuna kupitirira pamenepo. Nyumba ndi ya lendi, chipinda mamita 3 uku, 3 uku, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i. Ine ndimaganiza zowamangira mabokosi awiri, lililonse ndiikemo masipika awiri a galimoto a 6x9 (mainchesi 6 uku, 9 uku), ndili nawo anayi amene ndinachotsa mu minibasi. Pawailesipo analemba 2000W PMPO, ndiye mphamvu ilipo. Ndipitirize?

Madala a ku Limbe: Mphwanga, ima kaye usanadule thabwa. Tembenuza wailesiyo uwerenge pamene pamalowa mawaya a masipika. Alembapo ma ohms (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi) angati? Uwerengenso kachikwangwani ka pafupi ndi chingwe cha magetsi, undiuze imadya ma watts angati.

Wa ku Chilomoni: Pa masipika alemba 6 mpaka 16 ohms. Pa magetsi alemba 70W.

Madala a ku Limbe: Yankho lako ndi limenelo. Chinthu chimene chikukoka 70W kukhoma chingatulutse bwanji 2000W? PMPO ndi nambala yogulitsira malonda, ife timayang'ana RMS, mphamvu imene wailesi imatulutsa mosalekeza. Tsono za masipika a galimoto: ambiri ndi 4 ohms. Ukalumikiza awiri mbali imodzi, plus kwa plus, minus kwa minus, atsika kufika 2 ohms. Wailesi ikufuna 6 kupita m'mwamba. IC ya mphamvu, kachipangizo kamene kamakuza mawu mkati mwa wailesi, itentha ngati mbaula. Ndasinthapo ma IC otere ambiri otchedwa STK chifukwa cha zimenezi, ndipo masiku ano kupeza STK yeniyeni n'kovuta, zambiri zimene zikugulitsidwa sizichedwa kupsanso. Aphunzitsiwo abwerera kwa iwe sabata isanathe, ndipo wolipira ukhala iweyo.

Wa masaundi ku Mzuzu: Zoona madala. Koma bwanji osawalumikiza motsatana, minus ya iyi kupita ku plus ya inayo, kuti akhale 8 ohms? Apo wailesi siivutika. Kapenanso awonjezere subwoofer (sipika ya besi yokhayokha) yokhala ndi amp (chokuzira mawu) yakeyake, makasitomala ambiri amafuna chinthu chogwedeza pamtima.

Achemwali a ku Area 25: Achimwene a ku Mzuzu, werenganinso dandaulo la kasitomala. Sakusowa besi, besi yawachulukira. Kuwaikira subwoofer n'kuthira mchere mu ndiwo zowawa kale. Motsatana n'zotheka inde, koma 6x9 anaipanga kuti izilira pa shelefu ya kumbuyo kwa galimoto, buti yonse ikhale ngati bokosi lake. Mukaitsekera m'kabokosi kakang'ono imangoti bu bu bu pa mawu amodzimodzi.

Vuto ine ndikuliona pachipindapo. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Gawani 343 ndi kutalika kwa chipinda kawiri, ndiye kuti 343 kugawa ndi 6, mupeza 57 Hz kapena pamenepo, kutanthauza mawu a besi onjenjemera ka 57 pa sekondi. Pa mlingo umenewo mawu amagunda khoma ili n'kubwerera ku khoma linalo, n'kumawonjezerana. Popeza chipindacho n'chofanana mbali zonse, makoma onse anayi akukuza besi imodzimodziyo. Onjezerani simenti, pulasitala ndi malata, palibe chimene chikumeza mawu. Achimwene a ku Chilomoni, mwakafikako kunyumbako? Masipikawo ali pati?

Wa ku Chilomoni: Ndinapitako dzulo madzulo. Onse awiri ali pansi pasimenti, lina pakona iyi, lina pakona inayo, lina mpaka labisika kuseri kwa mpando. Batani la besi lija ndi loyatsa nthawi zonse.

Achemwali a ku Area 25: Eyaa. Pakona pansi ndi pamene besi imakula kwambiri, chifukwa makoma awiri ndi simenti zonse zikuikankhira kutsogolo. Pamene mawu opyapyala a tweeter, kasipika kakang'ono ka m'bokosimo, amayenda molunjika, ndiye akuthera m'miyendo ya mpando. Musanalandire tambala iliyonse, bwereraniko. Akwezeni pa masitulo kuti tweeter ifanane ndi khutu la munthu atakhala pansi pampando, achotseni pakona, asiyane ndi khoma la kumbuyo ngakhale masentimita 30, atembenuzireni pang'ono kumene amakhala. Zimitsani batani la besi. Yalani mphasa kapena kapeti pakati, ndipo ngati pawindo pali katani yopyapyala aikepo yokhuthala. Ikani khutu pa tweeter iliyonse mumve ngati ikulira.

Wa ku Chilomoni: Ndabwerako. Achemwali munanena zoona, kungowakweza ndi kuwachotsa pakona mgolo uja wachepa kwambiri. Koma tweeter ya kumanzere ili zii. Ndatsegula, pa mita yoyezera magetsi sikuwerenga chilichonse, koyilo (kawaya kokulungidwa mkati mwake) inaduka. Woofer (sipika yaikulu ya m'bokosimo) ya kumanja nayo siponji ya m'mphepete yayamba kunyenyeka, ndikaikhudza ikutsalira m'zala ngati ufa.

Madala a ku Limbe: Ndiye kwaya ikanamveka bwanji tweeter itafa? Apa pali njira ziwiri. Kukonza omwewo, kapena kupeza masipika ang'onoang'ono a pashelefu a kaunjika. Ine ndikanasankha yachiwiri. Masipika a mawailesi otere mabokosi ake ndi opepuka, ukagogoda ndi chala amalira ngati ng'oma. M'mashopu a katundu wochokera ku UK ndi ku Japan mumapezeka a Wharfedale, Mission, Pioneer, Kenwood, a woofer ya mainchesi 5 kapena 6. Chipinda cha mamita 3 sichifuna choposa pamenepo.

Popita tenga mita ndi batire la tochi la 1.5V. Sipika ya 8 ohms pa mita imawerenga cha m'ma 6, ya 4 ohms cha m'ma 3, imeneyo uisiye. Gunditsa batire pa mawaya, koni, kambale kamene kamanjenjemera kutsogolo kwa sipika, ituluke bwinobwino popanda kukhwekhwereza. Kankha koni pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati, ukamva ikukhwekhwereza mkati ndiye kuti koyilo inawonongeka. M'mphepete sankha za labala, siponji imafumbwa. Ngati kumbuyo alemba sensitivity, muyeso wa mmene sipika imafuulira ikapatsidwa mphamvu yochepa, tenga ya 88 dB kupita m'mwamba, chifukwa kusiyana kwa 3 dB kuli ngati wawirikiza mphamvu ya amp kawiri. Ndipo usagule usanamve tweeter zonse ziwiri ndi nyimbo imene ukuidziwa.

Wa masaundi ku Mzuzu: Pa subwoofer ndagonja. Ndiwonjezere chimodzi: akakunyengererani kuti mutengenso amp ya ku Japan, onani kumbuyo. Kumeneko magetsi ndi 100V, kuno ndi 230V, mukangoilowetsa kukhoma popanda transformer yotsitsa yapita. Masipika opanda amp alibe vuto limenelo. Wailesi ya Sony ija ikadzatopa, kabodi ka amp kotchedwa TPA3116 kamayendetsa masipika otere bwinobwino, kamalandira 12V mpaka 24V, ndiye kamathekanso pa batire la sola magetsi akazima.

Wa ku Chilomoni: Zikomo nonse. Ndapeza awiri a 8 ohms ku Limbe, labala yake yabwinobwino, bokosi lina linangokalika pakona. Ndalama yatsalako, ndagula waya wa kopa wokhuthalirapo mamita 6 ndipo kalipentala wapafupi akupanga timasitandi tiwiri ta masentimita 60. Poyamba nditalumikiza mawu amamveka omwazika, besi yathawiratu, woimba osadziwika ali pati. Ndinayesa ndi batire, ndinapeza kuti waya wa kumanja ndinautembenuza. Nditakonza, woimba wotsogolera anabwera pakatikati pa masipika awiriwo. Aphunzitsi anaika CD ya kwaya ya kumpingo kwawo, anakhala chete nyimbo yonse, kenako anayamba kutchula mayina a amene akuimba alto.

Chatsala ndi malata. Besi ikagunda pali lata limodzi pamwamba pa chitseko limene likunjenjemera.

Achemwali a ku Area 25: Limenelo ndi msomali wakhwepa. Kwerani mukhomerere, ndipo pakati pa lata ndi mtanda mulowetsepo kachidutswa ka chubu cha njinga. Muwauze kaye eni nyumba musanakwere.