Kodi kung fu "wam'kati" ndi "wakunja" amasiyana pati?

Mphatso_Ndirande:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ana a ku Amitofo Care Centre kuno ku Blantyre akamaonetsa kung fu wa ku Shaolin amadumpha, amaponya mateche, thukuta lili kamukamu. Koma pa YouTube timaona nkhalamba za ku China m'mapaki zikuyendetsa manja pang'onopang'ono, ati ndi tai chi, ndipo ati amenewo ndiwo masewera "am'kati", a Shaolin aja ndi "akunja". Ena akuti wam'kati amagwetsa munthu ndi mphamvu yotchedwa qi osamukhudza n'komwe. Ndiye kusiyana kwenikweni kuli pati? Ndi liwiro basi? Nanga ophunzirawo amachita chiyani tsiku ndi tsiku?

Gondwe64:

Achimwene, liwiro lisakusokonezeni. Xingyiquan ali m'gulu la am'kati, koma amalowa molunjika ndiponso mwachangu kuposa masitayilo ambiri a Shaolin.

Magulu awiriwa Atchaina amawatcha neijia (am'kati) ndi waijia (akunja). Kugawa kumeneku kunayamba kuoneka m'zolemba mu 1669, pamene munthu wophunzira kwambiri dzina lake Huang Zongxi analemba mawu okumbukira katswiri wa nkhonya Wang Zhengnan. Iye anati a ku Shaolin amathamangira kuputa mdani, mdaniyo n'kupezerapo mpata, pomwe am'kati amagonjetsa wobwera mwaphuma podekha. Anatinso lusoli linachokera kwa Zhang Sanfeng, wa chipembedzo cha Tao wa ku mapiri a Wudang. Koma taonani nthawi yake. A Manchu anali atalowa mu Beijing mu 1644, ndipo Huang anali mmodzi mwa omwe anamenyera ufumu wa Ming umene unagwawo. Ofufuza mbiri monga Stanley Henning ndi Douglas Wile amaona ndale m'mawuwa: Chibuda cha ku Shaolin chinachokera kunja, ku India, monganso a Manchu anali obwera, pomwe Chitao n'chapakhomo. Ndipo Huang sanatchule tai chi ngakhale pamodzi.

Zoika taijiquan (tai chi yemweyo), xingyiquan ndi baguazhang m'banja limodzi la am'kati zinadzakhwima mochedwa kwambiri, makamaka kudzera m'mabuku a Sun Lutang, yemwe anaphunzira masitayilo atatu onsewa ndipo buku lake la xingyi linatuluka mu 1915. Sukulu ya boma ya masewerawa itatsegulidwa ku Nanjing mu 1928, poyamba inagawa maphunziro m'nthambi ziwiri, ya Shaolin ndi ya Wudang, ndipo mayinawo anakanirira mpaka lero. Chikhalirecho kwawo kwa tai chi ndi mudzi wa banja la Chen wotchedwa Chenjiagou m'chigawo cha Henan, chigawo chomwechonso muli kachisi wa Shaolin, ndipo mayina ambiri a kaimidwe ka banja la Chen amapezeka m'buku la mkulu wa asilikali Qi Jiguang la m'ma 1560. Mizu yake ndi nkhonya za asilikali ndi alimi.

Nachisale:

A Gondwe afotokoza mbiri, ine ndiyankhe za pabwalo. Kusiyana kogwirika kuli pa chimene mumayamba kuphunzira, ndi komwe mphamvu ya nkhonya imachokera.

Wakunja amayamba n'kumanga thupi. Miyezi yoyambirira imathera pa mabu, kaimidwe kotangadza ngati wakwera hatchi: mapazi motalikirana pafupifupi kawiri kutambalala kwa mapewa, zala zikuloza kutsogolo, ntchafu zitatsika mpaka kutsala pang'ono kugona chopingasa. Woyamba kumene ikamakwana mphindi imodzi miyendo ili kunjenjemera. Pamwamba pake pali kutambasula miyendo, mateche obwerezabwereza, ndi kugundanitsa mikono ndi mnzako kuti ilimbe. Olimbitsa zikhatho amayamba kumenya thumba la mphodza, pakapita miyezi n'kuikamo timiyala, pomaliza timipira tachitsulo, ndipo amapaka mankhwala a zitsamba zoviikidwa mu mowa otchedwa dit da jow asanayambe komanso akamaliza. Dzanja samalimenyetsa ndi mphamvu, amangoligwetsera pathumba. Wothamangira chitsulo amawononga mfundo za zala, ndipo zimenezo sizibwerera msanga.

Wam'kati amayamba n'kuchotsa kumangika m'thupi. Phunziro loyamba nthawi zambiri ndi zhan zhuang, kungoima njo. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa anu. Pindani mawondo pang'ono chabe, asapitirire zala za kumapazi. Tsitsani chiuno ngati mukufuna kukhala pampando wautali, m'mphechepeche mupindike koma matako asatuluke kumbuyo. Chibwano chibwerere mkati pang'ono kuti khosi litalike. Kwezani mikono mpaka pachifuwa mozungulira ngati mwakumbatira mtengo, zigongono zikhale m'munsi mwa mapewa, zala za manja awiri zisakhudzane. Pumirani m'mphuno, mimba izifufuma yokha osaikakamiza. Yambani ndi mphindi 5 patsiku, muziwonjezera imodzi kapena ziwiri sabata iliyonse mpaka zifike 20.

Pakangopita mphindi zochepa mapewa amayaka moto. Chifukwa chake n'chakuti mwawakweza osadziwa, ndipo mikono yonse yanyamulidwa ndi minofu ya m'mbali mwa khosi. Musatsitse mikono. Tsitsani mapewa, zigongono zilemere, motowo uchepa. Cholakwika china ndi kuumiriza mpweya: anthu amamva zoti mpweya uzifika ku dantian, malo a mkati mwa mimba zala zitatu m'munsi mwa mchombo, ndiye amaumitsa mimba n'kumakoka mpweya mwamphamvu. Mapeto ake ndi chizungulire ndi mutu.

Zonsezi cholinga chake n'chakuti mphamvu ichoke pansi n'kufika m'dzanja osadukira panjira. Malemba akale a tai chi amati mphamvu imazika mizu m'mapazi, imatuluka m'miyendo, chiuno chimaiwongolera, zala n'kuifikitsa. Mayi wodziwa kusinja sakankha musi ndi mikono, amatsika nawo thupi lonse, n'chifukwa chake amamaliza mtondo asanatope pomwe bambo wa minofu walefuka kalekale. Yesani chonchi: ikani chikhatho pakhoma, mwendo umodzi kutsogolo, mukankhe pang'onopang'ono. Mukamva phewa likuuma, mphamvu yathera pomwepo. Mukamva chidendene chakumbuyo chikukanikiza pansi, njira yatseguka. Kuchita zinthu mochedwa kuja n'kofufuzira pomwe njirayi ikudukira. Sikuti ndewu imakhala yochedwa.

Mu xingyi amaima kaimidwe kotchedwa santi: pafupifupi magawo 6 kapena 7 mwa 10 a kulemera kwa thupi ali pamwendo wakumbuyo, ndipo mphuno, chala cha mkombaphala chakutsogolo ndi chala cha phazi lakutsogolo zili pamzere umodzi. Amaphunzitsa migwirizano isanu ndi umodzi. Itatu ndi yooneka ndi maso: phewa ndi chiuno, chigongono ndi bondo, dzanja ndi phazi. Itatu inayo ndi yam'kati: mtima ndi maganizo, maganizo ndi qi, qi ndi mphamvu. Poponya nkhonya yotchedwa beng, chibakera ndi phazi lakutsogolo ziyenera kufika nthawi imodzi. Phazi likatsogola, kulemera kwanu kwathera m'dothi. Chibakera chikatsogola, mwamenya ndi mkono wokha. A bagua iwo amayenda mozungulira bwalo la masitepe pafupifupi asanu ndi atatu, phazi likukhwekhwerezeka chafufumimba, chiuno chitapotokera pakati pa bwalolo.

Tembo_Leeds:

Mayi Nachisale anena zoona, koma ndiwonjezere kuti mpanda wa pakati pa magulu awiriwa ndi wobooka paliponse. Hung Gar, sitayilo ya kummwera kwa China yomwe aliyense amati ndi yakunja, ili ndi mndandanda wa mayendedwe wotchedwa Tit Sin Kuen, womwe ntchito yake yaikulu ndi kapumidwe, kutulutsa mawu osiyanasiyana, ndi kusinthanitsa kuumitsa ndi kumasula thupi. Mbali inayi, tai chi wa banja la Chen ali ndi kudumpha, kuponda pansi mwamphamvu ndi nkhonya zophulika zotchedwa fajin. Aphunzitsi a masitayilo ambiri amanena mwambi umodzi womwewo, woti kunja limbitsa mitsempha, mafupa ndi khungu, mkati limbitsa mpweya. Ngakhale mu xingyi momwemo, chiphunzitso cha Guo Yunshen chimati mphamvu imayamba yoonekera, kenako yobisika, pomaliza yosinthika. Ndiye kuti nayenso wam'kati amayamba ndi nkhonya zomveka phokoso.

Za kugwetsa munthu osamukhudza, achimwene, zitayeni. Onetsetsani m'mavidiyo amenewo kuti ogwawo nthawi zonse ndi ophunzira a mphunzitsi yemweyo. Qi ndi mawu akale a zachipatala ndi nzeru za ku China, ndipo pabwalo aphunzitsi amawagwiritsa ntchito pofotokoza mpweya, kutentha, kulemera ndi kulumikizana komwe munthu amamva m'thupi mwake. Ali ndi ntchito pophunzitsa, koma sadumpha mpata kukagwetsa munthu wina.

Vuto lenileni la masukulu ambiri am'kati lero ndi kusamenyana. Amachita tui shou, pomwe awiri amagunditsana mikono n'kumakankhana kuti aphunzire kumva komwe mphamvu ya mnzawo ikulowera. Ndi phunziro labwino kwambiri, koma limayambira pomwe mwagwirana kale. Siliphunzitsa kuyeza mtunda, kapena chochita chibakera chikamabwera kumaso kuchokera patali. Mu April 2017 ku Chengdu, Xu Xiaodong wa MMA (masewera osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana) anagwetsa mphunzitsi wa tai chi Wei Lei pasanathe theka la mphindi, ndipo dziko lonse la China linaikamba nkhaniyo. Tai chi amene nkhalamba zambiri zimachita m'mapaki ndi wa mayendedwe 24, yemwe boma linamukonza mu 1956 kuti anthu azilimbitsira thupi. Pa ntchito imeneyo ndi wabwino ndithu, makamaka pothandiza okalamba kuti asamagwegwe. Koma wofuna kudziteteza afunse mphunzitsi funso limodzi: kodi ophunzira anu amavala magolovesi n'kumenyana ndi munthu amene sakuwamvera chisoni?

Mphatso_Ndirande:

Zikomo nonse, maso atseguka. Funso lomaliza: munthu wa zaka za m'ma 30 yemwe bondo limamuvutako, ayambe mbali iti?

Nachisale:

Musaganize kuti wam'kati ndiye sapweteka mawondo, achimwene. Tai chi amawononga mawondo ambiri chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba ndi kutembenuka mwendo uli wolemedwa, phazi litakakamira pansi: bondo limapindika kutsogolo ndi kumbuyo, silinapangidwe kuti lizipotoka. Chotsani kulemera pamwendowo kaye, tembenuzani phazi pachidendene, kenako bwezeraniponi thupi. Chachiwiri ndi kutsika kwambiri chiuno chisanamasuke, bondo n'kugwera mkati. Nthawi zonse bondo liziloza komwe kukuloza chala chachiwiri cha phazi.

Yambani ndi kuima kuja muli m'mwamba, mawondo atapindika pang'ono, kwa miyezi iwiri kapena itatu musanayese mabu wotsika kapena kudumpha. Ntchafu zikamawotcha pitirizani. Mukamva kubaya mkati mwa bondo kapena pansi pa chivundikiro chake, kwerani m'mwamba nthawi yomweyo, ndipo bondolo likatupa kalionetseni kuchipatala musanabwererenso pabwalo.