Gulu la banja: za kamwana kathu kobadwa masiku asanakwane, ku nazale ya kuchipatala

Malume: Mwaswera bwanji nonse. Kapaipi ka pa mchombo kaja adokotala akachotsa usiku wathawu. Mwana anafooka, kupuma modukizadukiza, ndiye akukayikira kuti tizilombo talowa m'magazi. Mankhwala amuyamba kale.

Azakhali a ku Bembeke: Mayo ine! Nanga anamuikiranji chinthu pa mchombo, kamwana kochepa chonchija?

Achemwali anamwino: Azakhali, mwana wobadwa masabata 28 asanakwane matumbo amakhala asanakhwime, ndiye shuga, madzi ndi mankhwala zimadzera mumtsempha. Wa pa mchombo ndi umene umapezeka msanga masiku oyambirira. Koma kapaipi kakakhalitsa tizilombo timalowera pomwepo, mwinanso magazi amaundana. N'chifukwa chake sakasiya kupyola sabata imodzi kapena ziwiri.

Achemwali anamwino: Pano amuika kanula, kapaipi ka diripi kolowa mumtsempha, padzanja. Timitsempha take ndi ngati ulusi, sitichedwa kuphulika, madzi a diripi n'kumalowa pansi pa khungu. Mayi ake aziona: pakatupa, pakatuwa, pakazizira, kapena tizala tikayamba kuda, aitane namwino pompo. Asadikire raundi ya m'mawa.

Azakhali a ku Bembeke: Ndili ndi mankhwala a pa mchombo aja ndinalerera nonsenu. Ndibwere nawo?

Achemwali anamwino: Chonde azakhali, pamenepo pasapite kalikonse, ngakhale mafuta. Mukafuna kuthandiza bwerani ndi sopo. Ndipo tisapite chigulu, mu nazale amalowa mayi ake basi, atasamba m'manja.

Azakhali a ku Bembeke: Ndamva, ana a masiku ano.

Mlamu: Amayi ake mwana atopa zedi, chakudya chikuwakanika.

Achemwali anamwino: Apo ndiye pofunika kulimbikira, alamu. Azidya, azifinya mkaka maola atatu aliwonse, ndi usiku womwe. Mwana akamalandira bwino mkaka kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, diripi imachoka msanga.

Malume: Tigawane. Agogo akhala pa benchi ya kuchipatala kokwanira, apume. Ndani awalandire?

Mng'ono wa ku Linthipe: Ine, kuyambira Lachitatu mpaka Lamlungu. Koma wina andionere ana.

Azakhali a ku Bembeke: Abwere kuno. Ufa, nyemba ndi kachewere nditumiza pa minibasi.

Mlamu: Zitenje ndi tizipewa taubweya musaiwale, akuti mwana akapeza bwino ayamba kangaru, kumuika pachifuwa pa mayi ake kuti azifundidwa. Kuzizira kwa Dedza mukukudziwa.

Malume: Khomo lililonse K10,000 pofika Lachisanu, pa Mpamba kapena Airtel Money yanga. A ku Joni, tikukuonani mukuwerenga mwakachetechete.

Msuweni wa ku Joni: Haha, ndatumiza kale malume, onani foni.