Adona andipatsa makina ochapira akale: ndiyambire pati?

Mayi a ku Randburg:
Moni nonse a m'gulu muno. Adona amene ndimawagwirira ntchito akusamukira ku nyumba yaing'ono, ndipo andipatsa makina ochapira amene akhala m'galaja zaka zambiri osagwira ntchito. Ndi aja a migolo iwiri, wina wochapira wina wofinyira, amene kuno ku South Africa amati twin tub, ndipo ndi akale moti ngakhale dzina la kampani lidafufutika. Nditavundukula ndinakumana ndi fungo la chinyezi, pansi pali zakuda zomata ngati phala lopserera, ndipo mphemvu zinangoti balala. Sindinawayatse. Amene mukudziwa ndiuzeni poyambira, chifukwa kuchapa mabulangete pamanja Lamlungu, tsiku langa lokhalo lopuma, kwandithyola msana.

Bambo a ku Germiston:
Achemwali, mwachita bwino kwambiri kusawayatsa, ndipo musawalumikize ku magetsi mpaka mutaona zimene ndikuuzeni pano. Yambani ndi chingwe cha magetsi: chiyendetseni m'manja kuchokera ku pulagi mpaka pomwe chalowera m'makina, ndipo ngati chang'ambika, chauma kapena makoswe adachiluma, chiyenera kusinthidwa chonse, osati kungochikulunga ndi tepi. Tsegulaninso pulagi muone ngati waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu, ali womangika pa chitsulo chachikulu chapamwamba. Makina amene amasunga madzi pamwamba pa mota, inu mutaponda pa simenti yonyowa, si oti muziseweretsa opanda waya ameneyo.

Kenako masulani chitsulo chakumbuyo. Mupeza mota ziwiri, lamba mmodzi, ndi kachitini kobulungira kokhala ndi mawaya kotchedwa capacitor. Kachitini kameneka kamatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho musakhudze pamene pali mawaya ake. Sesani fumbi ndi zisa za makoswe ndi burashi youma, musathiremo madzi. Dinani lamba ndi chala pakati pake. Akuyenera kulowa pang'ono chabe, ngati sentimita imodzi. Akakhala wosweka kapena wonyezimira m'mbali, muvuleni mupite naye kusitolo ya zipangizo, pakuti nambala yolembedwa pa lambayo ndi imene ogulitsa amafuna, osati dzina la makina.

Mayi a ku Bellville:
Za magetsi ndawasiyira achimwenewo, ine ndinene za fungo, poti ndachapira makina otere zaka zisanu ndi chimodzi. Fungolo silichokera pamene maso akuona ayi. Pansi pa mgolo wochapira pali mbale ija imene imazungulira n'kumatakasa madzi, ndipo yagwidwa ndi sikuluu imodzi pakati. Masulani sikuluuyo, kolowekani chingwe kapena kansalu kunsi kwa mbaleyo mbali zonse ziwiri, n'kukoka molunjika m'mwamba. Ikakana, thiranimo madzi ofunda mudikire, musaitakule ndi mpeni chifukwa pulasitiki yakale imathetheka ngati chigoba cha dzira. Zimene mupeze kunsiko musadabwe nazo. Ine ndinapezako ndalama zachitsulo, mapini a m'tsitsi, ndi matope a sopo osakanikirana ndi ulusi okhuthala ngati chala.

Palani zonsezo ndi mswachi wakale ndi soda wophikira wosungunula pang'ono kuti akhale ngati phala. Chotsaninso kathumba kosefa ulusi kamene kali m'mbali mwa mgolo, mukatembenuze, mukachape. Ngati kabooka, nsalu ya neti ya udzudzu yosagwira ntchito imasokeka bwino m'malo mwake. Mukabwezera zonse, ndiponso za magetsi zikakhala kuti zili bwino, thirani madzi ofunda, osati owira, ndi makapu awiri a viniga woyera, muwayendetse opanda zovala kwa mphindi 15. Chimodzi chokha ndikuchondererani: viniga ndi Jik zisakumane, kaya m'makina kaya m'ndowa. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawotcha maso ndi mapapo, ndipo zipinda zathu za kuseri kwa nyumba za mabwana mukuzidziwa, windo ndi limodzi.

Mayi a ku Luton:
Zikomo amayi a ku Bellville, koma pa viniga ndisiyana nanu pang'ono. Kuno ku England madzi amadutsa m'miyala ya choko, ndiye amasiya zoyera zolimba m'maketulo ndi m'makina, ndipo ambiri tidazolowera kuthira asidi kawirikawiri. Chimene ndidaona n'chakuti viniga wa mwezi ndi mwezi amafooketsa labala, ndipo pa makina akale labala ndiye chuma, chifukwa ina simungaipezenso m'sitolo. Ngati m'mgolomo mulibe zoyera zokakamira zija, soda ndi mswachi n'zokwanira. Zikakhalapo, ufa wa citric acid umachotsa bwino, koma nawonso ndi wa apo ndi apo.

Mayi a ku Bellville:
Sindikutsutsa, amayi. Ine ndimanena za ulendo woyamba wokhawu, poti makinawa agona zaka, ndipo pambuyo pake atsukuluze kawiri ndi madzi oyera. Masiku ena onse mankhwala a fungo ndi aulere: mukamaliza kuchapa, khetsani madzi onse, pukutani, siyani zivundikiro zili zotsegula mpaka mawa. Ndipo tichepetse sopo wa ufa. Ambirife timathira ngati tikuchapa kudambo kumene madzi amapita nazo, pamene m'makina wotsalayo amakhala pansi n'kusanduka matope aja.

Bambo a ku Germiston:
Ndionjezere za kuyesa. Musanayatse, thirani ndowa ziwiri za madzi m'mgolo wochapira, chakumbuyo chili chotsegula, mudikire mphindi khumi mukuyang'ana ndi tochi. Madzi akamatuluka pa paipi yotulutsa madzi pamene simunatembenuzire batani lokhetsera madzi ku drain, vuto lili pa valavu ya pansi. Ili ndi chivundikiro chopotokola ndi dzanja, m'kati muli sipuling'i ndi labala yonga belu, ndipo kawirikawiri pamangokhala kandalama kapena batani limene latsekereza labalayo kuti isakhale pansi. Madzi akamadonthera pa mota ya mgolo wofinyira, imeneyo ndi nkhani ina, muitane wodziwa asinthe labala ya pa shafiti musanawagwiritse ntchito.

Mukayatsa, mota ikangolira kuti hmm osazungulira, zimitsani nthawi yomweyo isanapse. Nthawi zambiri ndi capacitor imene yafa, ndipo ndi yotsika mtengo kuyerekeza ndi mota, bola mugule yofanana manambala. Magetsi a nyumba yonse akathima pamene mwayatsa, switchi yoteteza ya pa bokosi la magetsi, ija amati earth leakage, yakuuzani kuti penapake magetsi akuthawira ku chitsulo. Musakakamire kumangoibwezera.

Dziwaninso kuti ambiri mwa makina amenewa alibe pampu, madzi amangotsetsereka okha, choncho paipi igone pansi. Pofinya, pakirani zovala mofanana, muzitsindire, muikepo kachivundikiro kapulasitiki kam'kati kaja. Yesaninso buleki: mukatukula chivundikiro mgolo uyenera kuima pa masekondi ochepa. Ukapitirira kuzungulira, musalole mwana kuyandikira mpaka kawaya ka buleki katakonzedwa.

Mayi a ku Randburg:
Ndabweranso abale. Chingwe chinalumidwa pawiri, mwamuna wa mnzanga wasintha. Kunsi kwa mbale ndapezako ndalama zachitsulo zitatu za R2, kiyi, ndi sokosi ya mwana imene inasanduka ngati chikopa, ndipo mu valavu munali pini ya m'tsitsi yopindika. Lamba ndagula watsopano. Ndachapa mabulangete awiri, ndipo fungo latsala pang'ono kumbali yofinyira. Ndikufunsenso: ndikadzaganiza zowatumiza ku Mangochi kwa mayi anga, akagwira ntchito ndi magetsi a kwathu?

Bambo a ku Germiston:
Akagwira, achemwali, chifukwa kuno ndi ku Malawi konse magetsi a m'nyumba ndi 230 volts pa 50 hertz. Chosintha ndi pulagi yokha: kuno mano ake atatu ndi obulungira, kwathu ndi amakona ngati a ku Britain, okhala ndi fyuzi ya 13 amp. Mukagule pulagi yeniyeni aikepo, osadalira adaputala yogwedera. Potumiza, auzeni onyamula katundu awaimiritse, ndipo mutsendere mabulangete kuzungulira mgolo wofinyira, chifukwa umakhala pa masipuling'i ndipo ukamagubuduka njira yonse ya Beitbridge, Tete mpaka Mwanza ukafika utathyoka. Za fungo latsalalo, thirani madzi ofunda a soda m'mgolowo, muufinyitse kawiri wopanda kanthu, ndipo muvule paipi yotulutsa madzi muitsuke payokha.