Disiki yakunja ikuoneka pa F9 koma Windows ikukana kudzuka

Wa pa Kamwendo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kuprinta pa Kamwendo, kuno ku Mchinji. Laputopu yanga ya HP yangoti zii, ikulemba kuti Boot Device Not Found, Hard Disk (3F0). Mphwanga anandikoperera disiki yonse ndi pulogalamu ya Clonezilla n'kuika pa disiki yakunja ya 1TB, akuti tsiku la tsoka ndidzangolumikiza n'kuyatsa. Ndalumikiza, ndadina F9, batani losankhira disiki yodzutsira makina, dzina la disikiyo likuoneka, chizindikiro cha Windows chikubwera, kenako sikirini ya buluu: INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Momwemo muli mayeso omwe aphunzitsi anandipatsa kuti nditayipe, akuwafuna Lolemba. Kodi basi zawonongeka?

Fundi wa pa boma, Kasungu:
Pepani achimwene, koma mtima m'malo. 3F0 ikutanthauza kuti makinawo sakuiona disiki ya m'kati, mwina yafa, mwina yangokhwefuka. Koma zomwe anakopera mphwanuzo n'zamoyo, zikanakhala zakufa chizindikiro cha Windows sichikanabwera n'komwe. Vuto ndi lakuti Windows imeneyo inaikidwa ikudziwa kuti ikukhala pa SATA, polumikizira disiki m'kati mwa makina. Mukaidzutsa kudzera pa USB, imafika pakati n'kusowa njira yofikira disiki yake yomwe, ndiye buluu ameneyo. Microsoft inali ndi Windows To Go yoyendera pa USB, koma inaichotsa mu Windows 10 ya mtundu wa 2004, yomwe inatuluka m'chaka cha 2020.

Chitani izi. Zimitsani, chotsani chaja ndi batire ngati imachoka. Tsegulani kabokosi ka disiki yakunjayo, mutulutse disikiyo, muilowetse m'malo mwa yakufa ija. Nthawi zambiri imadzuka yokha. Ikakana, dinani F10 mulowe mu BIOS, mosinthira kadzukidwe ka makina, muone ngati ili pa UEFI kapena Legacy, zomwe ndi njira ziwiri zodzutsira makina, zifanane ndi mmene zinalili kale.

Mayi wa ma kompyuta, Santhe:
A fundi, musawathamangitsire ku sikuludiraiva. Bambo a pa Kamwendo, yambani mwabwereka kompyuta ya mnzanu, mulumikize disikiyo, mulowe mu Users ndi Documents, mukopere mayesowo pa fulashi. Ikakufunsani zofomata, kanani, chifukwa kufomata kumafufuta zonse! Komanso mudziwe kuti mupezamo zokhazo zomwe zinalipo tsiku lomwe mphwanu anakopera. Zomwe munatayipa pambuyo pake zili mu disiki yakufayo, choncho musaitaye, mwina ikaikidwa m'kabokosi ingawerengeke kanthawi.

Fundi wa pa boma, Kasungu:
Zoona amayi, ayambe ndi mayesowo. China, achimwene, disiki yanuyo ndi ya kampani yanji? Zambiri za WD, monga My Passport, polowera USB anawotcherera pa disiki penipeni, mulibe SATA, ndiye mukaswa bokosi mwaswa pachabe. Ngati ndi yomwe munagula bokosi padera n'kuikamo disiki ya 2.5 inchi, palibe vuto.

Wa pa Kamwendo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndi bokosi lapadera, disiki ya m'katimo inachokera mu laputopu ina yakale. Mayeso a Chingerezi ndi masamu ndawapeza, ali pa fulashi. A sayansi mulibe, ndinatayipa mochedwa, ndiye usiku uno ndibwerezanso pa kompyuta ya neba. Mawa nditsegula pansi pa laputopu. A fundi, zomangira za pansi pa timphira timeneti nazonso ndimasule?