Zowonjezera pa funso la makina odulira mitengo otsika mtengo

Munafunsa ngati chainsaw yotchipa ya injini ya 52cc ingagwire ntchito ngati makina okwera mtengo a Stihl kapena Husqvarna. Amakaniko a muno mu Zomba atsegula angapo, ndipo yankho n'lakuti zimadalira ntchito yake.

Ngati mukungosadza mango pakhomo kapena kudula nkhuni, gulani yotchipayo. Injini yake siifa msanga. Zimene zimayamba kuvuta ndi chingwe cholizira, timapaipi ta petulo timene timang'aluka, kabyuleta, ndi pampu yothira oyilo pa tcheni. Pampuyi ikafa, tcheni chimatentha n'kutambasuka, kenako chimadya mpeni wake, chitsulo chimene tchenicho chimazungulirapo. Musanalipire, funsani ngati sitoloyo ili ndi zipangizo zimenezi.

Ambiri amapsereza pisitoni posakaniza mafuta molakwika. Makina otchipa ambiri amafuna 25:1, kutanthauza mamililita 200 a oyilo wa 2T (wosakaniza ndi petulo) pa malita 5 a petulo. Stihl imafuna 50:1, mamililita 100 okha. Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto musamuyandikize n'komwe.

Koma wocheka matabwa a bulugamu kapena paini tsiku lonse asadzivute, agule okwera mtengowo, chifukwa otchipa amanjenjemera kwambiri ndipo mabawuti amamasuka. Kudula m'nkhalango ya boma paphiri la Zomba kumafuna chilolezo cha a zankhalango.